Cifukwa Cace Cingelezi Sicilembedwa Monga Cichulidwa

Anthu ambiri a ku migodi ndi a m'matauni amene anaphunzira Cingelezi atakula kale ali ndi dandaulo limodzi. Amati mau a cinenero cimeneci ali ngati birimankhwe: pa pepala aoneka mwina, pakamwa amveka mwina. Munthu aona liu lakuti knee, ndilo bondo, nayamba ndi k, pamene Mngelezi angoti "nii". Aona lead, osadziwa ngati anene "ledi", ndiwo mtobvu umene kale unali kukumbidwa ku Kabwe, kapena "liidi", ndiko kutsogolera. Ena acita manyazi, nakhala cete pamaso pa akulu a nchito ngakhale ali ndi mau ofunika. Manyazi amenewa alibe maziko, pakuti cisokonezoco cinabadwa ndi mbiri ya Cingelezi comwe.

Cingelezi cinafika pa cisumbu ca Britain ca m'ma 450, pamodzi ndi mitundu ya Angles ndi Saxons yocokera ku maiko amene lero ndiwo Germany ndi Denmark. Zidzukulu zao zitaphunzira kulemba, zinalemba monga zinali kulankhulira. K wa mu knee anali kumveka. Mu liu lakuti night, ndiwo usiku, pamene lero pali gh panali kaphokoso kocokera kukhosi. Nayenso lead anali mau awiri osiyana, ndipo anadzafanana kalembedwe pambuyo pace.

M'caka ca 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings, nalanda ufumu wa England. Kuyambira pamenepo mafumu, oweruza ndi eni minda analankhula Cifalansa, ndipo Cingelezi cinatsalira anthu wamba. Panapita zaka pafupifupi 300, kufikira 1362, pamene lamulo linati mirandu idzikambidwa m'Cingelezi. Cizindikiro ca masiku amenewo cikalipo. Ng'ombe ili kubusa ichedwa cow, liu la woweta. Ikafika m'mbale ichedwa beef, liu la mbuye amene anali kuidya. Momwemonso nkhosa ndi sheep koma nyama yace ndi mutton. Ngakhale liu lakuti mine, ndiwo mgodi, linalowa kucokera ku Cifalansa, ndipo cifukwa cace lifanana cabe ndi mine wina uja wotanthauza "canga".

Cobvuta cacikuru cinadza ndi makina. M'caka ca 1476 William Caxton anaimika makina oyamba osindikiza mabuku m'dziko la England, pa Westminster. Mabuku atacuruka, kalembedwe kanayamba kuuma ngati njerwa pa dzuwa. Koma m'zaka zomwezo, kuyambira ca m'ma 1400 kufikira ca m'ma 1700, kachulidwe kanali kusintha kwambiri. Liu lakuti time, ndiyo nthawi, kale linali kumveka ngati "tiime", koma pang'ono pang'ono linasanduka "taimu". K wa mu knee analeka kumveka m'zaka za m'ma 1600. Pakamwa panasamuka, koma zilembo zinatsala pa mudzi wakale.

Anthu ophunzira anaonjezapo mtolo wao. Ngongole inali kulembedwa dette, koma iwo pofuna kuonetsa kuti gwero lace ndi liu la Cilatini lakuti debitum, anaikamo b. Lero liri debt, ndipo b ameneyo sachulidwa, ndiponso sanachulidwepo ndi kale lomwe.

Mau a pa mgodi ali ndi maulendo ao. Copper, ndiwo mkuwa, dzina lace licokera ku cisumbu ca Cyprus, kumene Aroma anali kuutenga. Cobalt, amene akumbidwa pamodzi ndi mkuwa m'migodi ina, ali ndi mbiri yodabwitsa. Anthu okumba siliva ku Germany anali kupeza mwala wina umene pousungunula unaturutsa utsi wakupha m'malo mwa siliva. Iwo anati ndi nchito ya kobold, kamzimu kosautsa kokhala pansi pa nthaka, ndipo dzinalo linakhala. Ca m'ma 1735 Georg Brandt wa ku Sweden anaonetsa kuti m'mwalamo muli citsulo ca mtundu wace wace. Boss, liu lodziwika kwa wa nchito ali yense, linabwerekedwa kwa a Dutch, amene amati baas.

Anthu ena anayesa kukonza zinthu. M'caka ca 1755 Samuel Johnson anaturutsa ku London buku lomasulira mau oposa 40,000, ndipo kalembedwe ka m'bukumo kanatsatidwa ndi ambiri. Ku America, Noah Webster anaturutsa lace mu 1828, nacotsamo zilembo zina. Cifukwa cace kumeneko alemba color pamene ku Britain alemba colour. Mu 1917 Daniel Jones anaturutsa buku loonetsa kachulidwe kokha. Ndipo wailesi itayamba, a BBC anaona kuti oulutsa mau ao omwe sanali kugwirizana, kotero kuti mu 1926 anakhazika bungwe la akatswiri, mmodzi wa iwo George Bernard Shaw, kuti lidziweruza kachulidwe ka mau obvuta. Ngati eni cinenero anafuna bwalo lotere, mlendo adzacitiranji manyazi?

Cinyanja cinayenda njira yofupika. Cinayamba kulembedwa m'zaka za m'ma 1800, ndipo buku lalikuru lomasulira mau la David Clement Scott wa ku Blantyre linaturuka mu 1892. Olembawo anachera khutu, napatsa phokoso liri lonse cilembo cace. Zilembo zisanu a, e, i, o, u zikwanira bwino Cinyanja, koma m'Cingelezi ca ku Britain zomwezo zisenza maphokoso pafupifupi 20. Cinenero conse ciri ndi maphokoso ngati 44, ndipo zilembo ziripo 26 zokha.

Tsono wophunzira Cingelezi ayenera kuphunzira liu liri lonse kawiri: kamodzi ndi maso, kamodzi ndi makutu. Ana a Angelezi acita comweco pa sukulu, ndipo nawonso alakwa. Wokumana ndi liu lacilendo amvere wailesi, ayang'ane m'buku lomasulira mau, kapena afunse mnzace wolidziwa, pakuti akuru anati safunsa anadya phula.