NJIRA IMENE MBIRI IYENDAMO

Tonse tidziwa kuti mbiri iyenda, koma ndi owerengeka amene anakhalapo pansi ndi kudzifunsa kuti iyenda bwanji. Mau olembedwa m'nyuzipepa ku mzinda, kapena onenedwa pa wailesi, kodi afika bwanji mumtima mwa munthu wa kumudzi, kufikira iye asintha mbeu imene abzala, kapena atengera mwana wace ku cipatala, kapena anyamula cibonga kukakantha mlendo? Funso limeneli ophunzira a m'masukulu akuru a Yunivesite akhala alikulisanthula zaka zoposa 80. Sanakhutira ndi kungoganizira ai. Anapita kukafunsa anthu khomo ndi khomo, nawerenga mayankho ao monga munthu awerenga matumba a cimanga. Mwezi uno tifuna kulongosola za nchito yaoyo, pakuti cimene anacipeza cikhudza makamaka ife amene tidziwa kuwerenga.

Pamene wailesi inayamba kulowa m'nyumba za anthu ku Ulaya ndi ku America, ambiri anaiopa. Anayesa kuti mau ace alowa mwa munthu monga mankhwala a m'singano ya dotolo, osapempha cilolezo, ndi kuti iye amene agwira wailesi agwiranso maganizo a mtundu wonse. Pa 30 October 1938 panacitika cinthu cimene cinaoneka ngati cibvomereza mantha amenewa. Usiku umenewo Orson Welles ndi anzace anacita sewero pa wailesi ku New York, nalikonza ngati nkhani yoona, kunena kuti zilombo zocokera ku nyenyezi yochedwa Mars zatera pa dziko ndipo zilikupha anthu. Ena anakhulupirira, nacita mantha akuru. Mphunzitsi wina wa ku Princeton, dzina lace Hadley Cantril, anasanthula nkhaniyi, nasindikiza buku lace mu 1940. Ophunzira a pambuyo pace asonyeza kuti manyuzipepa anakulitsa mantha aja kopitirira muyeso. Koma cinthu cimodzi cimene Cantril anaciona cikali cothandiza kufikira lero. Anthu amene anayamba ayesa mauwo, potembenuza wailesi kuti amve nyumba yina youlutsa mau, kapena poyang'ana m'nyuzipepa mndandanda wa zoulutsidwa usikuwo, ambiri a iwo anazindikira kuti ndi sewero cabe. Tsono wailesi sinagwira onse mofanana.

M'caka comweco ca 1940 munali cisankho ca mtsogoleri wa dziko la America, ndipo opikisana anali Franklin Roosevelt ndi Wendell Willkie. Paul Lazarsfeld, munthu wa ku Vienna amene anasamukira ku America, pamodzi ndi anzace Bernard Berelson ndi Hazel Gaudet, anasankha boma limodzi lochedwa Erie m'cigawo ca Ohio. Kumeneko anatenga anthu 600, nawafunsa mwezi ndi mwezi kuyambira May kufikira November, kuti aone nthawi imene munthu asintha maganizo, ndi cimene camsinthitsa. Anayembekeza kupeza mphamvu yaikuru ya nyuzipepa ndi wailesi. Koma anapeza kuti ocoka mbali yina kunka ku yinzace anali ocepa, osakwana mmodzi mwa anthu 10. Ambiri anawerenga ndi kumvera zokhazo zobvomerezana ndi zimene anali nazo kale mumtima. Ndipo iwo amene anazengereza, pofunsidwa cimene cinawathandiza kutsimikiza, kawirikawiri anachula munthu: wa m'banja mwao, mnansi, kapena mnzao wa pa nchito.

Pamenepo ophunzirawo anazindikira kuti mbiri iyenda maulendo awiri. Ulendo woyamba icoka ku nyuzipepa ndi wailesi, nifika kwa anthu owerengeka amene awerenga ndi kumvera kwambiri. Ulendo waciwiri icoka kwa iwowa, nifika kwa anzao, pakamwa ndi pakamwa. Anazilemba izi m'buku lochedwa The People's Choice mu 1944. Pofuna kudziwa kuti onyamula mbiri amenewa ndi anthu otani, mu 1945 anafunsanso akazi monga 800 mumzinda wa Decatur ku Illinois, ndipo zimene anamva anazisindikiza Elihu Katz ndi Lazarsfeld mu 1955. Anapeza kuti sali olemera okha, kapena a maudindo okha ai. Apezeka pakati pa anthu a mkhalidwe uli wonse, ndipo nkhani iri yonse iri ndi eni ace: za kugula zofunika pa nyumba akaziwo anafunsa amai a ana ambiri, koma za zobvala ndi za kanema anafunsa atsikana. Ife sitizizwa nazo izi, popeza m'midzi mwathu momwe tidziwa nkhalamba imene tiifunsa za mvula, ndi mai amene timfunsa za mwana wodwala. Koma iwo anaziwerenga naziika m'buku, kuti wotsutsa akhale nazo zoti aziyese.

Nyengo yomweyo ophunzira ena analikusanthula alimi. M'cigawo ca Iowa, kumene cimanga ndico cuma ca anthu, mbeu ya haibulidi inayamba kufika kwa alimi m'caka ca 1928. Inabala koposa mbeu ya makolo, nipirira cilala, koma inafuna kuti mlimi agule yatsopano caka ndi caka, osatenga ya m'nkhokwe mwace. Bryce Ryan ndi Neal Gross, a sukulu ya zaulimi ya ku Ames, anasanthula mayankho a alimi 259 a m'midzi iwiri, nasindikiza zimene anapeza mu 1943. Pofika 1941 onse anali atalandira mbeuyo, kupatula awiri okha. Koma taonani njira yace. Ambiri anamva za mbeuyo poyamba kwa ogulitsa, osaigula ai. Anakhala zaka zingapo alikupenya munda wa mnansi. Ndipo ngakhale pamene anabvomera, anayamba abzala ndime yaing'ono kuti aone ndi maso ao. Wogulitsa anadziwitsa, koma wokhulupiritsa anali mnansi.

Mnyamata wina wa ku Iowa komweko, Everett Rogers, anaona izi pa munda wa atate wace. Iwo anakana mbeu yatsopanoyo kufikira cilala ca 1936, pamene cimanga cao cinafota, ca mnansi ciri ciimire. Rogers atakula anasonkhanitsa zofufuza mazana ambiri za mtundu umenewu, za alimi, za madotolo ndi za aphunzitsi, nazimanga m'buku limodzi lochedwa Diffusion of Innovations mu 1962. Alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo a m'maiko ambiri aphunzira m'buku limeneli kuti cinthu catsopano cilandiridwa poyamba ndi owerengeka, ndipo unyinji utsata pamene waona anthu odziwika kwa iwo alikupindula naco.

Aphunzitsi a anthu akuru anafika pa nzeru yomweyo poyenda njira yao. Ku Canada, kuyambira 1941 kufikira 1965, alimi anasonkhana m'nyumba za anzao madzulo a Lolemba, namvera pamodzi phunziro la pa wailesi, nakambirana, natumiza maganizo ao kwa oulutsa mau. Mu 1956 bungwe la UNESCO ndi wailesi ya dziko la India anayesa njira imeneyi m'midzi monga 150 ya kufupi ndi mzinda wa Pune. Anaulutsa maphunziro 20 m'masabata 10, ndipo Paul Neurath anatumidwa kukayesa cimene anthu anaphunzira. Iye anafanizira midzi ya magulu omvera pamodzi ndi midzi yina yopanda magulu, yina ya wailesi ndi yina yopanda wailesi. Anapeza kuti a m'magulu anaphunzira zambiri ndithu, osadziwa kuwerenga pamodzi ndi odziwa. Koma m'midzi imene wailesi inangolankhula yokha, popanda kukambirana, kupindula kunali kocepa. Makolo athu ananena kale kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo kuyesa kwa ku India kunasonyeza kuti ndi momwemonso ndi phunziro.

Koma tisayese kuti pakamwa pa mnansi panyamula zoona zokha. Za ici umboni uli pafupi ndi ife. Mu 1949 ku Lusaka kunayamba kugulitsidwa wailesi yochipa ya mapaundi 5, imene Harry Franklin, mkuru wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, anaipangitsa kwa a Ever Ready. Thupi lace linali ngati sefuliya, cifukwa cace inachedwa Saucepan Special. Nyumba youlutsa mau ya ku Lusaka inalankhula m'Cinyanja, m'Cibemba ndi m'zinenero zina, nimveka kufikira ku Nyasaland, ndipo anthu anaikonda cifukwa ca nyimbo zace ndi moni wotumizirana. Koma m'zaka zimene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinali kukonzedwa, cimene cinakhazikitsidwa mu 1953 Afirika ambiri alikucikana, panabuka mphekesera yakuti pali anthu ogwira anzao ndi kuwapopa magazi. Kumeneko anawachula banyama. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito m'nyumba ya wailesiyo, alongosola m'buku lace Wayaleshi la 1959 kuti ngakhale oulutsa mau a Ciafirika ananenezedwa kuti ndi banyama, nakhala ndi mantha pa moyo wao. Wailesi inali ndi mau akuru, koma sinakhoza kuzima mphekeserayo, pakuti inali ya boma limene anthu analeka kulikhulupirira. Apa tiphunzira kuti bodza limera bwino m'nthaka ya mantha ndi madandaulo enieni, ndi kuti munthu akhulupirira amene amkhulupirira kale.

M'masiku onsewo olemba ndi oulutsa anali ocepa, omvera ndiwo ambiri. Pang'ono ndi pang'ono omvera anayamba kukhala otumiza. Harri Englund, wa ku Cambridge, anasanthula Nkhani Zam'maboma za pa wailesi ya MBC, nasindikiza buku lace mu 2011. Iye anasonyeza kuti zambiri za nkhanizo zinacokera kwa omvera eni ace, amene anapeza m'menemo njira yodzudzulira a maudindo ocita molakwa. Komatu pakati pa wotumiza ndi womvera panali akonzi, amene anapeta nkhanizo monga mai apeta mphale, nasankha zoti ziulutsidwe. Lamya ya m'manja ndi intaneti zacotsa licero limenelo. Tsopano munthu ali yense akhoza kulemba mau ace, ndipo afika kwa anthu zikwi dzuwa lisanalowe.

Ophunzira anayesanso njira yatsopanoyi. Mu 2018 Soroush Vosoughi, Deb Roy ndi Sinan Aral, a sukulu ya MIT ku America, anasindikiza zimene anapeza atalondola nkhani monga 126,000 zimene anthu monga 3 miliyoni anatumizirana pa Twitter, imene tsopano ichedwa X, kuyambira 2006 kufikira 2017. Anapeza kuti nkhani zabodza zinathamanga koposa zoona, nizifika kutali koposa. Kuti nkhani yoona ifike kwa anthu 1,500 inatenga nthawi yotalika ngati ka 6 kuposa yabodza. Ambiri anayesa kuti cifukwa cace ndi makina odzitumizira okha mauthenga. Koma atatuwo anaona kuti makinawo anafalitsa zoona ndi zabodza mofanana. Othamangitsa bodza anali anthu, pakuti bodza kawirikawiri liri lacilendo ndi lozizwitsa, ndipo munthu akonda kukhala woyamba kuuza anzace cinthu cacilendo. Tsono patapita zaka pafupi 80 cicokere ku Erie, ophunzira anabwerera pa khomo lomwe lija: mphamvu ya mbiri iri mwa munthu woinyamula.

Izi si nkhani za kutali. M'miyezi ya September ndi October 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma oyandikana nao. Anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anzao, alendo anaopa kuyenda, ndipo nchito zina zothandiza anthu zinaima. Mphekeserayo sinayenda yokha. Pa khomo liri lonse inapeza munthu woilandira, naipereka kwa wina amene anamkhulupirira.

Cifukwa cace tinena kuti mbiri imeneyi ikhudza ife. M'mudzi muli monse, ife odziwa kuwerenga ndife a ulendo waciwiri uja. Kwa ife adza nayo kalata ya ku cipatala, pepala la pa thumba la mbeu, ndi uthenga wofika pa lamya. Ndipo cimene tinena ife cilemera koposa cimene inanena wailesi, popeza anansi athu adziwa nkhope zathu. Akuru anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Tikalandira nkhani, tiyambe tafunsa amene anaiona ndi maso, ndi tsiku lace, ndi malo ace. Tiiyese ndi mboni yaciwiri, monga anacita omvera aja a mu 1938. Ikakhala ya mbeu kapena ya malimidwe, tiyese pa ndime yaing'ono. Ikakhala yobvuta, tiitengere pa bwalo pamene anthu angakambirane poyera. Ndipo ikakhala yoneneza munthu, igone usiku umodzi m'nyumba mwathu tisanaitulutse, pakuti nkhani yoona idzakhalabe yoona m'mawa, koma munthu wokanthidwa usiku cifukwa ca mau athu sitidzakhoza kumuutsa.