Osoka Nsapato a ku Lilongwe

Makolo athu ambiri ankayenda opanda nsapato. Pokonzekera ulendo wautali, ankadula chikopa cha ng'ombe napanga nkhwaira zomanga ndi zingwe. Pambuyo pake tayala lakutha la galimoto linaloŵa m'malo mwa chikopacho.

Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, akalaliki a ku Capital Hill anayenera kuvala nsapato zachikopa zopukutidwa bwino. Koma amene anajambula City Centre ndi Area 10 papepala sanaganizire za mmisiri. Chidendene chikatha, nsapato inkapita ku Old Town, kumene wosoka ankakhala pakhonde la sitolo ndi singano, ulusi ndi phula lake. Mabanja ambiri analera ana ndi singano imeneyo.

Kaunjika atachuluka m'zaka za m'ma 1990, kugula kunatchipa kuposa kusoketsa, ndipo amisiri aja anangotsala ndi ntchito ya zigamba. Ku Tafraoute, m'mapiri a Morocco, amisiri akusokabe pamanja nsapato zachikopa nazikongoletsa ndi ulusi, zachikasu za abambo, zofiira za amayi. Kwathu kuno, tikafunsa pamsika wa Tsoka za munthu wodziŵa kudula nkhwaira, anyamata amangotilozera mulu wa nsapato zochokera kunja.