Kukhutira si ulesi

Ena akamva kuti uje ndi wokhutira, amangoti basi munthuyo wagwa ulesi. Mawuwa satanthauza zimenezo ayi.

Kukhutira kudachokera ku mawu oti kukhuta, monga achitira munthu akadya nsima ya chambo mpaka kukana mtanda wina. Kusiyana kwake n'kwakuti kukhuta n'kwa m'mimba pomwe kukhutira n'kwa mumtima. Wokhutira amayamikira chimene ali nacho lero, osavutika mtima ndi za anzake, koma ntchito sasiya. Wosiya ukonde kuti uwolere pamchenga ndi mlesi chabe.

Chitsanzo cha wokhutira ndi msodzi wa ku Makawa kapena ku Malembo m'boma la Mangochi m'mwezi wa Julaye, mwera utavuta. Anzake akukakamira kulowa m'nyanja, iye wakokera bwato kumtunda, akusoka ukonde pamthunzi, banja likudyera usipa umene adayanika pathandala. Mphepo ikangoleka, amayamba ndi iye kupalasa.

Mawuwa amamuyeneranso msodzi amene mu Novembala ndi Disembala, nyanja ikatsekedwa, amapachika khoka lake kuti chambo chiswane, n'kumakalima chimanga kumunda.