Chuma cha William Marshal chinabwera ndi mkazi

Okonda mbiri ya ku England akamatchula William Marshal, earl wa ku Pembroke amene anamwalira mu 1219, amakonda kumufotokoza ngati munthu wodzikweza yekha ndi lupanga. Nkhaniyo ndi yokoma, ndipo mbali ina ndi yoona. Koma mukatenga malo akuluakulu amene anali nawo n'kufunsa kuti awa anachokera kuti, nanga awa, yankho likubwerera kwa munthu mmodzi: mkazi wake, Isabel de Clare.

Earl anali mmodzi mwa akuluakulu ochepa otsatira kwa mfumu ya dziko, mwini midzi, malinga ndi asilikali akeake. William sanabadwire udindo wotero. Anabadwa cha m'ma 1146 kapena 1147, ndipo sanali mwana woyamba wa John Marshal. Lamulo la nthawiyo linkapereka malo kwa mwana wamwamuna wamkulu. Enawo ankayenera kukadzionera okha. Mu 1152 bambo akewo anamupereka chikole kwa Mfumu Stephen pa nkhondo ya ku Newbury, kenako n'kuphwanya pangano, ngakhale ankadziwa kuti mwanayo akhoza kuphedwa. Stephen anamumvera chisoni. Umo ndi mmene mwana wamng'ono ankawerengedwera pakhomo la akuluakulu.

Ataphunzira zausilikali ku Tancarville, ku Normandy, William anatchuka pa mipikisano ya asilikali a pa akavalo. Musaganize za masewera aulemu ayi. Inali nkhondo yoyeserera ya magulu awiri, ndipo amene wagwidwa ankalandidwa kavalo ndi zida, n'kulipiranso dipo. Apa William anapeza ndalama ndi dzina. Anatumikira Henry wamng'ono, mwana wa Mfumu Henry II, kuyambira mu 1170 mpaka mnyamatayo atamwalira mu 1183, anapita ku Jerusalem, n'kubwerera kudzatumikira Henry II mwini wake. Komabe atapitirira zaka 40, malo odziwika amene anali nawo anali Cartmel, kumpoto kwa England, amene mfumu inamupatsa. Kavalo amafa, ndalama za dipo zimatha. Chuma chokhalitsa panthawiyo chinali nthaka, ndipo William analibe yokwanira.

Isabel anali mwana wa Richard de Clare, wodziwika kuti Strongbow, ndi Aoife, mwana wa Diarmait Mac Murchada, mfumu ya Leinster ku Ireland. Strongbow anamwalira mu 1176, mlongo wake wa Isabel nayenso anamwalira ali mwana, kotero chuma chonse chinagwera mtsikanayo. Mtsikana wamasiye wolemera chonchi ankakhala m'manja mwa mfumu, ndipo mfumu ndi imene inkasankha womukwatira. Henry II analonjeza William. Atamwalira mu 1189, mfumu yatsopano, Richard, inakwaniritsa lonjezolo, ngakhale kuti masabata ochepa m'mbuyomo William anali atapha kavalo amene Richard anakwera pa nkhondo pafupi ndi Le Mans. Ukwati unachitika ku London chaka chomwecho. Mkwati anali ndi zaka pafupifupi 43, mkwatibwi pafupifupi 17.

Ndi Isabel kunabwera Striguil, komwe lero ndi Chepstow, m'malire a Wales ndi England. Leinster, chigawo chachikulu cha Ireland. Ndiponso, kudzera mu ubale wa banja la de Clare, Longueville ku Normandy ndi Caversham m'mphepete mwa mtsinje wa Thames. Udindo wa earl wa Pembroke, umene Mfumu John inamupatsa mu 1199, unali wa agogo ake a Isabel. Wina akhoza kufulumira kunena kuti William anali mkamwini, koma mawuwo sakukwanira, chifukwa lamulo la kumeneko linkaika malo a mkazi m'manja mwa mwamuna nthawi yonse ya ukwati. Sindikunena kuti William anangodya za eni. Anamanga linga la Kilkenny, anakhazikitsa doko la New Ross, ndipo popanda kukhulupirika kwake kwa mafumu sakanapatsidwa Isabel n'komwe. Lupanga linamugulira ukwati. Ukwatiwo ndi umene unamupatsa dziko.

Malo omwazikana chonchi anabweretsanso mavuto. Philip II wa ku France atalanda Normandy mu 1204, William anakalumbira kwa iye kuti asataye Longueville. John anakwiya, ndipo ana aamuna awiri a William anakakhala chikole kwa mfumu. Mu 1207 John anamuitanitsa ku England, ndipo iye kulibe, anthu a Meiler FitzHenry, nduna ya mfumu ku Ireland, anaukira Leinster. Amene anatsala kumeneko anali Isabel, ali woyembekezera, pamodzi ndi asilikali a mwamuna wake, ndipo Meiler anagonjetsedwa. Kwa ine apa ndi pamene pakuonekera bwino mwini Leinster. William anali mlendo. Isabel anali mdzukulu wa mfumu ya komweko.

Zaka zomaliza ndi zimene mabuku amakonda. John atamwalira mu 1216, William anagwirizira ufumu m'malo mwa Henry III, mwana wa zaka 9, anatulutsanso Magna Carta, ndipo pa 20 May 1217, ali ndi zaka pafupifupi 70, anatsogolera nkhondo ya ku Lincoln. Anamwalirira ku Caversham pa 14 May 1219, n'kuikidwa m'tchalitchi cha Temple ku London. Isabel anatsatira mu 1220.

Anasiya ana khumi, aamuna asanu ndi aakazi asanu. Aliyense akananena kuti mbumba yakhazikika. Koma William wamng'ono anamwalira mu 1231, Richard mu 1234 atavulala pa nkhondo ku Curragh ku Ireland, Gilbert mu 1241 pa mpikisano wa akavalo, Walter ndi Anselm motsatizana kumapeto kwa 1245. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anasiya mwana wa mu ukwati wolowa m'malo. Wolemba mbiri Matthew Paris anati linali temberero la bishopu wa ku Ferns, amene William anamulanda midzi iwiri.

Pakasowa mwana wamwamuna, lamulo linkagawa malo mofanana pakati pa ana aakazi kapena ana awo. Choncho pofika 1247 zonse zinadulidwa pasanu. Mbali ya Maud, yemwe anakwatiwa kwa a Bigod a ku Norfolk, inatenga Chepstow ndi udindo wa marshal. Kilkenny inapita kwa a de Clare a ku Gloucester kudzera mwa mwana wina, Isabel. Magawo a Sibyl ndi Eva anagawidwanso pakati pa ana awo aakazi. Pembroke inagwera Joan de Munchensi, mdzukulu wa William, ndipo Henry III anamukwatitsa kwa William de Valence, m'bale wake wa mimba imodzi, mlendo wochokera ku Poitou amene anali atangofika kumene ku England.