Chithandizo cha ECT: njira zimene madokotala amatsata

ECT ndi chithandizo cha matenda a maganizo chimene madokotala amadutsitsa magetsi ochepa mu ubongo kwa masekondi owerengeka, kuti wodwala agwidwe ndi kakhunyu kosakhalitsa. Chimaperekedwa makamaka kwa anthu ovutika maganizo kwambiri amene mankhwala sakuwathandiza, amene asiya kudya ndi kumwa, kapena amene akufuna kudzipha. Anachiyambitsa ndi Ugo Cerletti ndi Lucio Bini mumzinda wa Rome mu 1938.

Poyamba odwala ankalandira magetsiwo ali maso, ndipo ena ankathyoka mafupa chifukwa thupi linkagwedezeka mwamphamvu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, madokotala anayamba kuwagonetsa kaye ndi kuwabaya mankhwala ofewetsa minofu. Mu 2005 bungwe la WHO linalangiza kuti njira yakaleyo ithetsedwe, ndipo dziko la India linailetsa m'lamulo lake la mu 2017. Malamulo a ku South Africa nawo amafuna mankhwala onse awiriwa.

Lero kusiyana kwakukulu kwagona pa malo oikapo tizitsulo tiwiri todutsitsa magetsi. Tikaikidwa mbali zonse za mutu, pakati pa diso ndi khutu, wodwala amapeza bwino msanga, koma vuto la kuiwalaiwala limakula. Njira yachiwiri ndi yoika kamodzi kumanja, kena pafupi ndi paliwombo. Imeneyi imateteza mbali yakumanzere ya ubongo, imene mwa anthu ambiri imayendetsa chilankhulo, koma kuti igwire bwino ntchito pamafunika magetsi oposa mlingo woyambitsa khunyu pafupifupi ka 6. Njira yachitatu ndi yoika tonse tiwiri pachipumi.

Makina nawo anasintha. Amakono amatulutsa magetsi modukizadukiza, ndipo kamphindi kalikonse kakafupika, kuiwala kumachepa, ngakhale kuti wodwala angafunike kulandira chithandizo maulendo ochulukirapo. Kawirikawiri chimaperekedwa kawiri kapena katatu pa mlungu, maulendo 6 mpaka 12.

Choncho palibe njira yoyenera aliyense. Moyo ukakhala pachiswe, madokotala ambiri amasankha ya mbali zonse. Nthawi ikakhalapo, amayamba ndi yakumanja. Wodwala ndi abale ake ali ndi ufulu wofunsa njira imene yasankhidwa ndi chifukwa chake asanavomereze.