Magalasi amene analanda malo a mfuti

M'zaka za m'ma 1800, wofuna kudziwa mtundu wa mbalame ankayamba waiwombera, kenako n'kuifufuza ili m'manja. Edmund Selous wa ku England anaukana mchitidwewu. Mkulu wake, Frederick, anatchuka ndi kupha njovu kum'mwera kwa Africa, koma Edmund ankabisala phee pathengo n'kumalemba zimene mbalame zamoyo zikuchita, ndipo buku lake, Bird Watching, linatuluka mu 1901. Ku America, Florence Merriam anali ataphunzitsa kale anthu, m'buku la mu 1889, kuona mbalame ndi timagalasi toonera zisudzo. Vuto lake, timagalasito tinkangokuza chinthu kawiri kapena katatu.

Mankhwala a vutoli analipo kale. Mu 1854, Ignazio Porro wa ku Italy anapeza njira yokhotetsa kuwala ndi tizidutswa ta galasi tangodya, kuti chipangizo chachifupi chione patali osatembenuza chithunzi chadodolido. Koma galasi la nthawiyo silinali loyera mokwanira. Zinatheka ku Jena, ku Germany, Ernst Abbe wa kampani ya Carl Zeiss atagwirizana ndi katswiri wosungunula galasi, Otto Schott. Magalasi awo oonera patali anafika pamsika mu 1894, ndipo a Leitz a ku Wetzlar, amene lero ndi Leica, anatsatira mu 1907.

Mpikisano weniweni kuyambira pamenepo wakhala wa kuwala. Kuwala kukamadutsa pagalasi lililonse kwina kumabwerera, moti magalasi akale ankataya pafupifupi theka. Mu 1935, Alexander Smakula wa ku Zeiss anapeza kuti kukuta galasi ndi kankhungu kopyapyala ka mankhwala kumachepetsa kutayikaku. Boma la Germany linabisa lusoli ngati chinsinsi cha asilikali. N'zomvetsa chisoni kuti chida chothandiza kuleka kupha nyama chinayamba chathandiza kupha anthu.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha panabwera kampani yachitatu. Wilhelm Swarovski, mwana wa wosema miyala yonyezimira, anatsegula Swarovski Optik ku Absam, ku Austria, mu 1949, ndipo magalasi ake oyamba, Habicht 7x42, anakondedwa ndi alenje a m'mapiri a Tyrol. Leitz anayankha ndi Trinovid, owongoka ndi opepuka, amene mtundu wake wa diso limodzi unapita kumwezi pa ulendo wa Apollo 11 mu 1969. Komabe magalasi owongokawa ankachepa mphamvu poyerekeza ndi a Porro, mpaka Zeiss atakonza chilemacho ndi kakutidwe katsopano mu 1988. Swarovski EL wa mu 1999 anawonjezera mpata pakati woti dzanja limodzi ligwire bwino.

Lero magalasi apamwamba a makampani atatuwa amadutsitsa kuwala koposa 90 peresenti, ndipo mtengo wake umapitirira madola 2,000. Dzuwa lili paliwombo, otchipa abwino sasiyana nawo kwenikweni. Kusiyana kumaoneka m'mbandakucha ndi chisisira, pomwe nyalugwe amayenda ndipo kadzidzi wodya nsomba wa ku Liwonde amatera m'mphepete mwa Shire. Wofuna kuwayerekeza atenge onse a mphamvu yofanana, monga 8x42, awayese dzuwa litangolowa, akuyang'ana pansi pa mtengo wamthunzi.