Kaodzera ku Liwaladzi: mankhwala afika, choyezera chikuchedwa

Mu 1909 dokotala wa ku Brazil, Carlos Chagas, anapeza kachilombo kachilendo m'magazi a mwana wodwala ku Lassance, ndipo matendawo mpaka lero amadziwika ndi dzina lake. Chaka chotsatira, akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anafotokoza mbale wake wa kachilomboko, kochokera m'magazi a mzungu amene anadwala atayenda m'chigwa cha Luangwa, ndipo anakatcha rhodesiense. Kachiwirika ndiko kathu. Ndi kamene kashembe amakachotsa mu nyama zakutchire n'kukaika mwa munthu, ndipo anthu a ku Liwaladzi, amene amalima ndi kutola nkhuni kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota, matenda ake amawadziwa kuti kaodzera. Papita zaka zoposa 110, koma njira yodalirika yokapezera kachilomboka kuno idakali yomwe ija ya 1910: dontho la magazi, kagalasi, maikulosikopu, ndi diso la munthu wodziwa ntchito.

Amene anakaonapo saiwala. M'dontho la magazi osauma, kachilomboka kamapiringizika n'kumakankha tizigawo tofiira ta magazi uku ndi uku. Gulu la David Bruce, limene linafufuza kaodzera mu Nyasaland nkhondo ya 1914 isanayambe, linkadalira kuona komweku. Vuto ndi lakuti tizilomboti timachuluka ndi kuchepa m'magazi mosinthanasinthana, choncho lero woyeza akhoza kutiphonya, mawa n'kutipeza. Kafukufuku wasonyezanso kuti kaodzera wa ku Nkhotakota amayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi wa ku Uganda. Munthu amayamba ndi kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya, amamwa mankhwala a malungo kangapo, ndipo pamene abale akuzindikira kuti akusinza usana n'kumasowa tulo usiku, kachilombo kamakhala katalowa kale mu ubongo.

N'chifukwa chake akatswiri anayamba kufunafuna njira yachidule. Mu 1978 ku Antwerp kunapangidwa CATT, kakhadi kamene kamazindikira chitetezo chimene thupi lapanga polimbana ndi kachilombo. Kanathandiza kwambiri ku Congo ndi kumadzulo kwa Africa, kumene kuli kaodzera wa mtundu wa gambiense, koma pa wathu sikagwira. Chifukwa chake anachifotokoza katswiri George Cross mu 1975: kachilomboka kamavala chovala cha puloteni chimene kamasintha nthawi ndi nthawi, moti chitetezo chikadziwa chovala chimodzi, iko kavala china. Gambiense wambiri amagwiritsa ntchito chovala china chake chodziwika, ndipo CATT anatsamira pamenepo. Rhodesiense alibe chodalirika chotero. Ndiye ena anati, bwanji osasaka tizidutswa ta kachilombo komweko, zimene akatswiri amati antijeni? Vinand Nantulya wa ku Uganda anayesa zimenezi m'zaka za m'ma 1990 ndi kakhadi kotchedwa CIATT, koma kankaloza matenda ngakhale mwa anthu amene alibe, ndipo sikanakhazikike. Ku Latin America nako ofufuza ayesa kusaka tizidutswa ta kachilombo ka Chagas mu mkodzo wa makanda, pamene zipatala zidakadalira kuyeza chitetezo kawiri, ndi njira ziwiri zosiyana, kwa odwala akale.

Ine ndikuona kuti njira ya antijeniyi sitiyenera kuitaya. Aliyense wa ku Liwaladzi akudziwa kale mphamvu yake, popeza kachipangizo ka malungo kamene amabaya chala n'kudikira mizere iwiri kamasaka puloteni ya kachilombo ka malungo, osati chitetezo cha thupi. Ena amati odwala kaodzera m'Malawi safika 100 pa chaka, ndiye kupanga choyezera n'kutaya ndalama. Koma chiwerengero chimenecho ndi cha amene anapezeka, ndipo popanda choyezera pafupi, omwalira kumudzi amawerengedwa ngati a malungo kapena olodzedwa. Mliri wa ku Rumphi, pafupi ndi Vwaza, mu 2019 ndi 2020 unaonetsa kuti matendawa amatha kubuka mwadzidzidzi. Enanso amati pali kale makina a PCR ozindikira jini ya SRA, imene imapezeka mwa rhodesiense yekha. Zoona, koma makinawo amafuna magetsi osazima, firiji ndi katswiri, zinthu zimene chipatala chaching'ono cha m'mbali mwa msewu wa M5 sichingakhale nazo mawa.

Chimene chikuchititsa nkhaniyi kukhala yachangu ndi mankhwala. Kuyambira 1949, wodwala amene matenda afika mu ubongo ankachotsedwa madzi a mumsana kenako n'kubayidwa melarsoprol, mankhwala a poizoni wa arsenic amene ankapha pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20. Mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza mapiritsi a fexinidazole pa kaodzera wathu, pambuyo pa kafukufuku amene anachitikira pa chipatala cha Rumphi ndi ku Lwala, Uganda. Mapiritsiwa amamwedwa masiku 10 pamodzi ndi chakudya, koma sangaperekedwe kwa munthu amene sanapezeke ndi kachilombo. Pamene tikudikira choyezera, zipatala zozungulira nkhalango ya Nkhotakota zikufunika maikulosikopu ogwira ntchito ndi owadziwa, komanso lamulo lakuti wotentha thupi amene malungo sanapezeke, kapena amene mankhwala a malungo sakumuthandiza, magazi ake aonedwe pagalasi asanabwerere kwawo.